Msewu wa ku Dedza ndi Kunyanja pa Khoma la Kwanu: Zopanga ndi Ana Mukabwerako ku Ulendo

Holide yapitayi tinayenda ndi ana atatu kuchoka ku Blantyre kukaona agogo awo ku Dedza, kenako n'kutsetsereka kukapuma masiku awiri ku Cape Maclear. Titabwerako ndinafunsa wamng'ono, wa zaka zisanu, kuti waonako chiyani. Anaganiza kanthawi, n'kuyankha kuti, "Tchipisi." Ndalama zonse za thiransipoti zija, tchipisi basi.

Koma patapita masiku atatu ndinamupeza kuseri kwa nyumba akulemba pansi ndi kamtengo. Anajambula mlatho wa pa Zalewa, ndi madzi pansi pake, ndi wapolisi ataima pambali. Apa ndinazindikira kuti mwanayo anaona zambiri, kungoti pakamwa pake sipotulukira pake. Zimatulukira m'manja. Zomwe ndalemba m'munsimu ndi zimene tinachita masabata awiri otsatira, mpaka ulendo wonse unakwera pa khoma la pabalaza. Inu msewu wanu ungakhale wina, kaya wa ku Mzimba, kaya wa ku Nsanje, kaya wa ku Chipata, koma kachitidwe kake n'komweko. Chomwe tinagula ndi makope atatu ndi mapensulo. Zina zonse zinachoka kukhitchini, kudzala ndi kwa telala.

Choyamba: musananyamuke, aliyense alandire ntchito

Dulani kope pakati kuti likwane m'thumba la kabudula, mumangirire pensulo ndi kachingwe. Osauza mwana kuti "uzijambula zonse zomwe ukuona", chifukwa minibasi ikuthamanga sangajambule kanthu, ndipo ena amachita nseru akaweramira pepala. M'malo mwake mupatseni chinthu chimodzi choti azisaka. Wamkulu amene amatha kulemba azilemba mayina a malo omwe mwaima: Lunzu, Lirangwe, Zalewa, Phalula, Ntcheu, Lizulu, Bembeke. Wapakati aziona zomwe anthu akugulitsa pamalo aliwonse. Wamng'ono aziwerenga milatho kapena mbuzi, ndipo azingolemba kamzere pa chilichonse.

Ife ulendo uja sitinachite zimenezi popita, tinaganizira pobwerera. Kusiyana kwake kunaoneka. Za popita ana ankakangana kuti Lizulu ali patsogolo pa Ntcheu kapena pambuyo pake, pomwe za pobwerera zinali m'kope.

Tengani ndi kathumba kotoleramo zinthu: tikiti ya basi, tsamba louma, nthenga, chikoko cha mlambe mutadya malambe ake, dothi lodzaza dzanja limodzi kuchokera kumunda kwa agogo. Dothi limeneli mudzalifuna kwambiri, musaliiwale. Koma m'malo otetezedwa musatolemo kanthu. Cape Maclear ali m'dera la Lake Malawi National Park, ndipo miyala, zomera ndi zamoyo za m'menemo si zotenga. Zigoba za nkhono za m'mphepete mwa madzi nazo ana azisiye, chifukwa nkhono zina za m'madzi ndi zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo. Amene mukukhala ku Johannesburg kapena ku Leeds ndipo munangobwera ndi ana kudzaona kumudzi, dothi ndi mbewu musawoloke nazo malire, maiko ambiri amaletsa. Lijambuleni pa foni kuti mudzakumbukire mtundu wake, mukafika mukasake lofanana nalo.

Chachiwiri: phikani guluu

Supuni ziwiri zazikulu za ufa wa kondowole, kapu imodzi ya madzi ozizira. Sakanizani madzi asanatenthe, apo ayi mupeza mibulu. Ikani pamoto wochepa mukutakasa osaleka, mpaka phalalo lisiye kuyera n'kuyamba kuoneka ngati mamina. Pepani mawuwo, koma ndiwo amene ana anga anawagwiritsa ntchito, ndipo palibe ena olondola kuposa amenewo. Thirani kamchere pang'ono kuti asachite nkhungu msanga, mudikire azizire. Ufa wa tirigu umagwiranso chimodzimodzi. Ufa woyera wa chimanga musataye nawo nthawi, sumata bwino.

Guluuyu amakhala masiku awiri kapena atatu. Akayamba kununkha chowawasa, tayani muphike wina. Gawo la pamotoli ndi la wamkulu, ana angothandiza kuyeza ufa.

Chachitatu: yalani msewu

Pemphani makatoni akale pagolosale, atatu kapena anayi aakulu. Atambasuleni, muwalumikize m'litali ndi timizere ta nyuzipepala topaka guluu mbali zonse ziwiri. Mupsinjize ndi njerwa mpaka mawa. Ngati muli ndi makalendala akale, matani mbali yoyera pamwamba pake kuti mitundu idzaoneke bwino.

Tsopano funso limene limaphunzitsa ana zambiri osadziwa kuti akuphunzira: msewu ukhale wautali bwanji? Ife tinagwirizana kuti ola limodzi la m'galimoto likhale zikhatho zinayi za mwana wamkulu uja. Tinakumbutsana kuti tinanyamuka nthawi yanji, pa Zalewa tinafika nthawi yanji, pa Ntcheu nthawi yanji, n'kumayeza. Mapu otere sagwirizana ndi a m'buku la kusukulu, ndipo asagwirizane. Pamalo pomwe minibasi yathu inaphulika tayala tinakhala ola lathunthu osasuntha, ndipo ana anaumirira kuti pamenepo pakhale zikhatho zinayi za msewu wozungulirazungulira pamalo amodzi. Ndinafuna kukana. Mayi awo anandigwira mkono, ndipo lero ndi pamene mlendo aliyense amayambira kufunsa.

Msewu weniweniwo upangeni ndi mchenga. Pakani guluu mzere waukulu ngati zala ziwiri, wazani mchenga wosakaniza ndi makala opera, dikirani uume, kenako gwedezani katoni kuti wotsala ugwe. Mtsinje wa Shire pa Zalewa ukhale kansalu kobiriwira kapena kabuluu kodutsa pansi pa mlatho wa timitengo ta machesi. Kuchoka ku Ntcheu kukwera ku Dedza, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a dziko kwa mtunda ndithu, mbali ina kuli Malawi, mbali ina kuli Mozambique. Ana amadabwa nazo kwambiri zimenezi. Apatseni ulusi wofiira aumate m'mphepete mwa msewu, ndipo wamkulu alembe mayina a maiko awiriwo. Pa Lizulu amate timiyala tozungulira m'milumilu, ndiye mbatatesi ya kachewere ija, ndi timapepala tobiriwira tokwinya ta kabichi.

Mayina a malo alembe anawo. Akalakwitsa kalembedwe, auzeni kamodzi. Akafuna kusiya momwemo, asiyeni. Lamulo lomwe ndinadziikira, ndipo ndinaliphwanya kawiri, ndi lakuti dzanja langa lisagwire pensulo pa katoni ameneyu. Kholo likangojambulapo kanyumba kamodzi kowongoka, mwana amayang'ana kake, n'kuika pensulo pansi.

Chachinayi: utoto wa dothi, monga a ku Chongoni

Apa ndi pomwe tinathera nthawi yaitali, ndipo ndikadati musankhe chimodzi chokha pa zonsezi, ndikadati ichi.

M'mapiri ozungulira Dedza muli mapanga ndi matanthwe omwe anthu akale anajambulapo. Dera limeneli limatchedwa Chongoni, lili ndi malo 127 okhala ndi zojambula, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Omwe anthu amakonda kukaona ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mukafika mudzaona mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale kwambiri, zambiri ndi mizere yondondozana, mabwalo ena mkati mwa anzake, ndi madontho. Zimenezi akuti anajambula ndi Akafula, alenje aja omwe ankakhala kuno Achewa asanafike, omwe agogo athu ankawatchulanso kuti Amwandionerapati. Nthano yake ana amaikonda: ukakumana naye n'kukufunsa kuti "Mwandionera pati?", umayenera kuyankha kuti "Ndakuonerani patali", chifukwa ukanena kuti pafupi ndiye kuti wamunena kufupika. Zoyera ndi za Achewa, zopaka ndi dothi loyera, zambiri ndi chala, ndipo zina zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo ukaiyang'anira pamwamba. Zimenezi zimakhudzana ndi chinamwali komanso Nyau.

Pamalopo ana asakhudze, asathire madzi kuti "zioneke bwino", ndipo asalembepo dzina. Mudzaona okha momwe makala ndi choko cha anthu ena opanda khalidwe zinaonongera malo ena. Akakufunsani tanthauzo la zoyera zija, musapeke. Auzeni kuti ndi za mwambo, eni ake ndi akuluakulu, ndipo pali zina zomwe munthu amauzidwa nthawi yake ikakwana. Pa chifukwa chomwechi ine sindilola ana kupanga zigoba za Gule Wamkulu ngati choseweretsa, ngakhale ndaonapo ena akuchititsa ana zimenezo. Zojambula zilipo zambiri, chimenecho chisiyeni.

Utoto wofiira upangeni motere. Tengani katondo uja munachokera naye kumunda kwa agogo, mumuyanike padzuwa aume gwa. Ana amupere pa mwala wafulati ndi mwala unzake. Musagwiritse mtondo wa kukhitchini, nkhani yake simungaithe. Sefani ndi kansalu kakale kapena sefa yotha ntchito. Ufa wa dothiwo uthireni m'botolo la pulasitiki mpaka chigawo chimodzi mwa zinayi, mudzaze madzi, mutseke, mwana akhutchumule mpaka mkono utope. Akaliika pansi, onse awerenge mokweza kufika 30. Pa nthawi imeneyi mchenga wolemera umakhala utatsika. Tsanulirani madzi ofiira a pamwambawo m'mbale yakale mosamala, mchenga utsale m'botolo. Mbaleyo iikeni pomwe nkhuku sizifika, igone usiku wonse. M'mawa mudzapeza madzi oyera pamwamba, ndipo pansi matope osalala ngati mafuta odzola. Khetsani madziwo pang'onopang'ono. Matope amenewo ndiwo utoto wanu.

Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti dothi losasefa ndi madzi limakhala ndi mchenga, ndipo likauma limayoyoka. Ife poyamba tinachita changu, tinangosakaniza dothi ndi madzi, ndipo mawa lake zojambula zonse zinali pansi, mayi awo akusesa.

Sakanizani supuni zitatu za matope ndi supuni imodzi ya guluu. Pakani pang'ono pa kapepala, kaume, mupukute ndi chala. Ukatsalira ku chala, onjezerani guluu. Ukang'ambikang'ambika, ndiye kuti wakhuthala, onjezerani madzi.

Wakuda ndi makala opera bwinobwino, osakaniza ndi guluu chimodzimodzi. Makala amakana madzi poyamba, choncho yambani ndi kadontho kamodzi ka sopo. Woyera ndi tizidutswa ta choko totsala m'kalasi, kapena dothi loyera ngati kwanuko likupezeka. Phulusa limapereka mtundu wotuwa, koma kumbukirani kuti madzi a phulusa ndiwo chidulo, amaluma pa bala ndi m'maso. Laimu wopaka nyumba ayi ndithu, amawotcha khungu la mwana. Wachikasu umachoka ku chikasu chenichenicho, kamuzu kaja kothira mu ndiwo komwe mtunduwo unatengera dzina. Kachepa chabe kamakwanira, ndipo sikachoka pa malaya, ndiye ana avale zakale. Chidede chowiritsa chimapereka mtundu wofiirira wokongola ukadali wauwisi, koma umazilala pakapita masabata. Masamba a nkhwani osinja nawo amayamba obiriwira n'kuthera otuwa. Zimenezi musabisire ana, aone okha kuti dothi ndi makala ndi zomwe zimakhalitsa. Akatero amamvetsa chifukwa chake zofiira za pa thanthwe zija zikadalipo mpaka lero.

Burashi musagule. Kamtengo kauwisi kophwanya nsonga ndi mwala, monga timachitira ndi mswachi, kamajambula mizere yabwino. Nthenga ya nkhuku ndi ya mizere yopyapyala. Chitsononkho chogubuduza mu utoto chimasiya madontho ambirimbiri kamodzi. Ndipo chala chilipo.

Pojambulapo pake, sakani mwala wafulati pafupi ndi nyumba, kapena pangani "thanthwe": nyowetsani pang'ono chidutswa cha katoni, muchikwinye, muchitambasule, muchipake madzi a masamba a tiyi wotsala, chiume.

Tsopano gawo lomwe ndimaliona lofunika. Musauze ana kuti akopere zomwe anaona ku Chentcherere. Auzeni kuti anthu aja analibe zilembo za a, e, i, o, u, koma anali ndi zizindikiro zomwe eni ake ankamvana. Ndiye iwonso apeke zizindikiro zawo zosimba ulendo wanu, popanda kulemba liwu ngakhale limodzi, ndi mitundu iwiri yokha. Wapakati wathu, wa zaka zisanu ndi zitatu, anajambula bwalo lokhala ndi kamzere kolicheka, pambali pake madontho 14 ali pamzere. Agogo ake atabwera anayang'ana n'kunena kuti ndi mwezi ndi nyenyezi. Mwana anaseka mpaka kugwa pansi. Linali tayala lophulika, ndipo madonthowo anali anthu a m'minibasi atakhala m'mphepete mwa msewu kudikira. Dontho limodzi linali patali ndi anzake. Ameneyo anali kondakitala, atathawa mafunso.

"Thanthwe" likauma, limateni pa mapu pamalo a Dedza.

Chachisanu: chitsetsereko

Kuchoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti pali msewu wa Khwekhwelere, wokhotakhota moti wamng'ono anatseka maso theka la njira. Pa mapu gawo limeneli n'losavuta: kwinyani nyuzipepala mupange zitunda, muzikute ndi timapepala tonyika mu guluu, ziume masiku awiri, muzipake katondo. Msewu ukhale chingwe cha khonje chokhota uku ndi uku mpaka pansi.

M'mphepete mwa msewu umenewu muli amisiri osema tigalimoto, tindege ndi tinjinga ta mitengo. Imani ana aone momwe mateyala amazungulira pa kamtengo. Akafika kunyumba adzafuna kupanga zawo, ndipo mapesi ouma amakwanira: chikopa cha phesi chimang'ambika timizere tolimba, mtima wake wofewa uja umadulika ndi chala, ndipo timizereto timabaya mu mtimamo popanda guluu. Mateyala ndi zotsekera mabotolo zoboola ndi msomali. Ambiri a ife tinakula tikupanga zimenezi, ndiye apa sindikuphunzitsani kanthu, ndikungokukumbutsani. Chikopa cha phesi chimacheka ngati lezala, choncho wamng'ono azingobaya, wamkulu azing'amba.

Ngati nthawi ilipo, kuchoka pa Golomoti khoterani ku Mua, komwe mishoni inakhazikitsidwa mu 1902. Pamenepo pali Kungoni Centre of Culture and Art, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao ya Chamare. Makoma ake akunja ndi ojambulidwa zithunzi zosimba mbiri, chimodzi kutsatira chinzake. Ana akaona khoma likusimba nkhani chonchi, katoni wa kunyumba uja amayamba kumuona ngati ntchito yeniyeni.

Chachisanu ndi chimodzi: nyanja ndi nsomba zake

Pitani kwa telala wa pafupi mukapemphe tizidutswa ta nsalu tomwe amasesa madzulo. Ambiri amapereka ulere, ena kandalama kochepa. Ana asankhe poyamba: zabuluu ndi zobiriwira mulu wake, zachikasu ndi zofiira mulu wake, zamizeremizere mulu wake. Ntchito yosankhayi yokha imatenga ola, ndipo wamng'ono amaikonda kuposa zonse.

Nyanja ikhale katoni wake payekha, womata kumapeto kwa msewu. Madzi apangeni ndi timizere ta nsalu zabuluu tomata mogona, tosanjikizana ngati udzu wofolera denga, zowala kumtunda, zakuda pansi. Musayese kupanga utoto wabuluu, ndi mtundu womwe dothi ndi masamba a pakhomo sizipereka. Pansi pa madzi matani miyala yodula ku katoni, chifukwa nsomba zomwe ana anaona zikuwala ku Otter Point kapena m'mbali mwa chilumba cha Thumbi zimakhala m'miyala. Dzina lake ndi mbuna, liwu la Chitonga. Mitundu yake ilipo mazanamazana, yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo ndi chifukwa chachikulu chomwe UNESCO inazindikirira paki ya Lake Malawi National Park mu 1984.

Kapangidwe ka nsomba imodzi: mwana aike dzanja pa katoni zala zitagundana, alembe mozungulira, awonjezere mchira wa nsonga ziwiri kumene kuli mkono. Wamkulu adule ndi sizasi. Apake guluu, amate nsalu imodzi ya thupi lonse, kenako timizere topyapyala ta mtundu wina kuchoka kumsana kutsikira kumimba. Mbuna zambiri mizere yake ndi yoimirira chonchi, ngakhale zina ili yogona kuchoka kumutu kukafika kumchira. Chipsepse cha pamsana ndi chimodzi chachitali, kuyambira kuseri kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira. Ana akasiyidwa okha amajambula kakang'ono ka nsonga ngati ka shaki wa pa TV, ndiye apa ndimawatumiza akayang'ane chambo chomwe chikudikira kukazingidwa kukhitchini. Diso ndi batani lakale.

Auzeninso ichi, chifukwa palibe mwana amene samadabwa nacho: mbuna yaikazi imasunga mazira ake m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timathawiramo zikavuta. Chambo nachonso chimatero. Wamkulu wathu, wa zaka 11, atamva anadula nsomba yake kukamwa, n'kumata timbewu ta mpunga tikutuluka. Aliyense anafuna yakenso itero, moti tsopano nyanja yathu ndi ya amayi okhaokha.

Usipa ndi wosavuta. Mkati mwa mapaketi a bisiketi kapena a tchipisi uja muli pepala lonyezimira ngati siliva. Tsukani, mudule timizere tating'ono ngati chala cha mwana, mumate tambirimbiri toyang'ana mbali imodzi. Tina muyale pa thandala la timabango kumtunda, monga amayanikira ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear. Bwato ndi theka la chikoko cha mlambe, nkhafi ndi kamtengo kophwatalala nsonga. Ngati munakhalako usiku, ana anaona nyali za asodzi zili mbuu pamadzi ngati mudzi woyandama. Timadontho ta chikasu pa nsalu yakuda timakwanira. Nkhwazi ikhale pa nthambi pamwamba: mutu ndi chifuwa zoyera, mimba yofiirira, mapiko akuda, zonse ndi nthenga za nkhuku zomwe munatola.

Chachisanu ndi chiwiri: Ilala, kwa amene anaiona

Ife sitima ya pamadziyi tinaipeza itakocheza ku Monkey Bay, ndipo ana sanakhulupirire kuti yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, agogo awo asanabadwe. Inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa kuno. Mfundo yomalizayi ndi yomwe tinatengerapo kapangidwe: mwana aliyense apange chidutswa chake payekha, mulumikize pamapeto. Wina thunthu la pansi ndi katoni wa nsapato wopinda nsonga kutsogolo, wina nyumba zosanjikizana ndi tibokosi ta machesi ndi ta sopo, wina chumuni ndi kachubu ka pepala la kuchimbudzi. Musaiwale timaboti tiwiri m'mbali, tomwe timatsitsa anthu ndi katundu m'madoko momwe sitimayo singafike kumtunda. Wamkulu alembe pa kapepala madoko ena omwe imaima, monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay ndi Chilumba, akamate pambali. Yathu inapendekeka, chifukwa aliyense anayeza ndi chikhatho chake.

Sitimayi ndi yolemera, singamatike pa khoma. Iikeni pa kashelufu kapena pa mpando pansi pa nyanja ija.

Chomaliza: kupachika ndi kusunga

Musapachike zisanaumitsitse. Ziyaleni pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri, chifukwa dzuwa lamphamvu limapinda katoni. Nthawi ya dzinja onjezerani tsiku. Kenako boolani timabowo m'mphepete mwa kumtunda, mulowetse kansungwi kaatali kapena bango lolimba kuseri, mumange ndi khonje, mukoleke pa misomali itatu. Kutalika kwake kukhale kwa maso a ana, osati anu, kuti wamng'ono athe kuloza ndi chala.

Guluu wa chinangwa ndi chakudya kwa mphemvu ndi makoswe. Usiku woyamba tinasiya nyanja pansi, ndipo m'mawa tinapeza mpunga wonse wa m'kamwa mwa nsomba utadyedwa, pamodzi ndi theka la msika wa pa Lizulu. Panali maliro. Choncho chilichonse chomwe chikuuma chizigona pamwamba, ndipo mapuwo asagunde pansi kapena pakona pomwe chiswe chimakwerera. Kamodzi pa sabata achotseni pa khoma muwagwedeze kuseri.

Kumapeto kwa katoni wathu tinasiya zikhatho zisanu ndi chimodzi zopanda kanthu, chifukwa azakhali awo a ku Nkhata Bay akuti tidzapiteko pa Khirisimasi. Wamng'ono wajambulapo kale mbale ya tchipisi.